Mawu a adokotala pa lamya, manja a mwana pamphasa

Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera pa Mandimba ndi pa Massangulo mpaka ku Lichinga tsopano ndi wa phula, ndipo amalonda ndi oyendetsa machapa akuuyamikira kwambiri. Komabe phula silifupikitsa mtunda. Kuchokera pa Mandimba kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150, kukafika ku Lichinga ndi chimodzimodzinso, ndipo munthu wa kumudzi amayamba wakwera njinga yakapalasa kapena yamoto kuti akafike pamsewupo. Munthu wamphamvu zake paulendo wotere amangodandaula ndalama basi. Koma wodwala amene matenda amufika m'mafupa, galimoto ikagwedezeka pang'ono amamva ngati akumubaya ndi mkondo.

Alipo matenda ena amene achipatala akayeza amanena poyera kuti kuchiza sikuthekanso, monga khansa imene yafalikira, chiwindi chimene chatheratu, kapena impso zimene zaleka kugwira ntchito. Anthu ambiri akamva mawu akuti "bwererani kumudzi" amaganiza kuti chipatala chawataya. Chonsecho pali chisamaliro china chimene chimayambira pomwepo, chimene pa Chipwitikizi amati cuidados paliativos. Ntchito yake ndi kuchepetsa ululu, kuthetsa nseru, fungo ndi mantha, ndiponso kuthandiza banja kuti wodwala akhale masiku ake otsala ngati munthu. Wodwalayo sagonekedwa m'chipatala. Amakhala kwawo, ndipo amangopita pa tsiku loikika kukaonedwa ndi kukatenga mankhwala. Vuto limagona pa masiku a pakatiwo, makamaka usiku, pamene ululu wabuka ndipo chipatala chili kutali. Apa ndi pamene lamya ya m'manja yayamba kulowererapo.

Mayi ena a m'boma la Ngauma, a m'mudzi wina wa kumwera cha kumalire ndi Mandimba, adali mlimi wa fodya ndi nyemba wa zaka pafupifupi 60. Kumayambiriro kwa 2022 adayamba kutaya magazi ngakhale adali atasiya kusamba kalekale. Adabisa miyezi ingapo chifukwa cha manyazi. Zitafika poipa, ana awo adawatengera ku Cuamba, ndipo kumeneko adawatumiza ku chipatala chachikulu cha ku Nampula pa sitima ya pamtunda. Zotsatira zidati ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Idali itafalikira kotero kuti opaleshoni sikadathandiza. Makina owotchera khansa adafika m'dziko muno mu 2019, koma adaikidwa ku Maputo, ndipo madokotala adaona kuti mayiwo ulendo wotero sakadautha. Adabwerera kumudzi ndi khadi, mankhwala, ndi kalata yokapereka ku chipatala cha kufupi ndi kwawo.

Amene adalandira kalatayo adali técnico de medicina, koma anthu a m'midzi amangoti adokotala. Adawayeza mayiwo bwinobwino, nawafunsa za kwawo, za amene amawaphikira ndi amene amagona nawo m'nyumba. Kenaka adatembenuza khadi lija nalemba nambala yawo ya lamya kuseri kwake, napereka kwa mwana wamkazi wa mayiwo.

"Achemwali, ine sindingabwere kwanu tsiku lililonse," adatero adokotalawo. "Maso anga mukhala inuyo, manja anganso mukhala inuyo. Chimene mwaona mundiuze mmene chilili, osachepetsa, osawonjeza."

Mwana wamkaziyu ankagulitsa matimati pamsika wa Mandimba, ndipo adasiya malondawo kuti akadwazike mayi ake. Mlongo wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg adatumiza lamya yojambula zithunzi ndi ndalama ya mayunitsi. Adapangana ndi adokotala kuti Lachiwiri ndi Lachisanu masana iye aziflasha kawiri, iwo aziimba akapeza mpata. Usiku aziimba yekha pokhapokha ngati ululu wakana mankhwala, magazi akutuluka ambiri, kapena mkodzo watsekeka. Chiyambire 2012 pamene kampani ya Movitel idayamba kutumikira anthu, netiweki idafika m'malo ambiri, koma m'mudzi umenewu inkagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa nkhokwe. Choncho mwanayo ankathamanga pakati pa chulu ndi mphasa, kutenga funso uku, kukatenga yankho uko.

Ululu sungaoneke pa lamya, tsono adokotala adamuphunzitsa kuuyeza ndi dzanja. Chibakera ndiye kuti palibe ululu, chala chimodzi ndi ululu wapang'ono, zala zonse 5 ndi ululu wosapiririka. M'mawa, masana ndi madzulo mayiwo ankakweza zala, mwanayo n'kulemba m'kope la sukulu. Ankalembamonso ola limene amwa mankhwala, tsiku limene achita chimbudzi, ndi chimene adya. Adokotala akaimba sankafunsa kuti "ali bwanji," popeza funso lotere kwathu kuno yankho lake limakhala lakuti "ali bwinoko" ngakhale munthu akubuula. Ankati, "Tawerengani m'kopemo kuyambira Lachiwiri."

Mankhwala aakulu adali mofini wakumwa. Mtundu umene mayiwo adapatsidwa umamwedwa pa maola 4 aliwonse, usana ndi usiku, osadikira kuti ululu uyambe wabwera, chifukwa ululu ukakwera umavuta kuutsitsa. Mofini amaumitsa m'mimba, choncho amayendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, madzi akumwa ambiri ndi zipatso monga papaya. Za fungo la bala, limene linkachititsa kuti anansi azingolonjera ali pakhomo, adokotala adalangiza za kasambitsidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mapiritsi a metronidazole, ndipo patangopita masiku ochepa azimayi anzawo adayambanso kulowa m'nyumba n'kumakhala nawo pansi. Adaphunzitsanso kuwatembenuza pa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda za pogona. Zambiri mwa izi zidayenda pa lamya, koma chilichonse chidachitika ndi manja a mwanayo.

Usiku wina wa mu Januwale 2023, mvula ikugwa, mayiwo adayamba kulira mokweza. Zala zidakwera zonse 5. Mchimwene wawo wa mayiwo, amene ndiye mwini mbumba, adalamula kuti mbuzi ziwiri zigulitsidwe kukacha, apeze galimoto yopita ku Cuamba. Mwanayo adafunda chitenje nakwera pa chulu. Adokotala adayankha ndi mawu a tulo, namuuza kuti awerenge m'kope. Atawerenga zidaoneka kuti kuyambira dzulo lake m'mawa mayiwo sadamwe mofini ngakhale kamodzi, ndiponso kuti padatha masiku 5 osachita chimbudzi. Mwanayo adaulula kuti amalume ndi amene adaletsa mankhwalawo, ati chifukwa ankawagonetsa kwambiri achemwali awo, ndipo adamva kwa anthu kuti mankhwala amenewa amaperekedwa pofuna kumalizitsa munthu.

Adokotala adapempha kuti amalumewo abwere pa lamya.

"Bambo, mwachita bwino kudera nkhawa achemwali anu," adatero. "Koma mankhwalawa akamwedwa pa muyeso umene talemba safupikitsa moyo. Kugona kuja kumachitika masiku oyamba, makamaka kwa munthu amene wakhala milungu yambiri osapeza tulo chifukwa cha ululu. Mukawakweza galimoto usiku uno, ku Cuamba akawapatsa mankhwala omwewa amene ali m'nyumba mwanumo."

Amalume adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Adokotala, ngati chinachake chichitike, mlandu ukhala wa yani?"

"Apatseni muyeso umene uli pakhadipo tsopano lino. Pakatha ola limodzi mundiimbire. Ngati zala sizitsika, ine ndemwe ndikuuzani kuti nyamukani."

Litatha ola zala zidatsika kufika pa ziwiri, ndipo m'bandakucha mayiwo adagona. Mbuzi zija sizidagulitsidwe. Tsiku lotsatira adayamba mankhwala ofewetsa chimbudzi monga adalangizidwira. Kuyambira pamenepo amalume ndi amene ankayang'ana wotchi n'kumakumbutsa mwanayo kuti ola lakwana.

Koma tisaganize kuti lamya idathetsa ulendo uliwonse. Mu Febuluwale mkodzo udatsekeka tsiku lathunthu, chinena chidatupa, ndipo adokotala atangomva adati asachedwe, apite ku chipatala chaching'ono chapafupi kuti anamwino akaike kapaipi ka mkodzo. Adawanyamula pa machira mpaka kumsewu. Phindu la lamya pamenepa lidali lakuti banja lidadziwa ulendo woyenera kuuyenda ndi ulendo woyenera kuusiya, ndiponso anamwino adali atauzidwiratu kuti kukubwera wodwala wotani. Ndalama zochepa zimene zidalipo zidagwira ntchito pamene zinkafunikadi.

Mayiwo eni ake adali ndi maganizo awiri pa lamyayi. Ankakondwa kumva mawu a adokotala, ndipo tsiku limene netiweki yalola kuti alankhule ali chigonere, ankadya bwino. Ankati munthu wophunzira chotere kukumbukira nkhalamba ya kumudzi ndi ulemu waukulu. Koma sankafuna kuti mawu atuluke mokweza, chifukwa matenda a kumalo obisika sakambidwa pamene pali mkamwini kapena adzukulu. Za zithunzi adakanitsitsa. Adokotala adavomereza, popeza ankadziwa kuti lamya ya kumudzi imadutsa m'manja ambiri: imakatchajidwa pa sola ya kugolosale, ana amaseweretsa, ndipo chithunzi chikalowamo sichikhalanso chinsinsi. Tsiku lina mayiwo adafunsa pa lamya pomwepo kuti, "Mwanangu, kodi ine ndichira?" Adokotala adayankha kuti funso limenelo ndi lalikulu, ndipo adzaliyankha atakhala nawo pansi. Atadula, mayiwo adauza mwana wawo kuti, "Pa foni nkhope sioneka. Munthu akhoza kukunamiza mokoma."

Patapita milungu iwiri achipatala adali ndi ulendo wa katemera m'dera limenelo, ndipo adokotala adapatukira kumudziko pa njinga yamoto. Adavula nsapato, nakhala pamphasa, nafunsa mayiwo chimene iwo eni akuona m'thupi mwawo. Mayiwo adati akuona kuti mphamvu zikutha. Adokotala sadatsutse. Adawauza kuti matendawa sachoka, koma ululu adzalimbana nawo mpaka tsiku lomaliza, ndipo sadzasiyidwa okha. Madzulo ake mayiwo adaitana mchimwene wawo ndi ana, nagawa munda, natchulanso ngongole imene adali nayo kwa mnansi kuti ibwezedwe iwo adakali moyo. Nkhani yotere siikadatheka munthu ataimirira pa chulu.

Kumbali ya adokotala, ntchito ya pa lamya ili ndi katundu wake amene odwala samuona. Mayunitsi ankagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Lamya inkalira ali pakati poyeza odwala ena, inkalira ali pa chakudya, inkalira pakati pa usiku, ndipo nambala ikaperekedwa kwa banja limodzi, mawa mudzi wonse uli nayo. Chimene chinkawavuta koposa ndi kuweruza ndi maso a munthu wina. Dokotala adaphunzira kugwira pamimba, kumvetsera chifuwa, kuona mtundu wa maso ndi lilime, kuona mmene munthu akuyendera polowa pakhomo. Pa lamya zonsezi palibe. Mabanja ena amachepetsa nkhani poopa ulendo, ena amaikulitsa pofuna kuti dokotala abwere. N'chifukwa chake iwo adadziikira lamulo lakuti salangiza pa lamya wodwala amene sadamuonepo ndi maso, ndipo amafuna munthu mmodzi yekha m'banja woti azilankhula naye, osati lero uyu, mawa uyo.

Palinso chinthu china chimene lamya singanyamule, ndicho mankhwala. Mofini amasungidwa motsekera ndipo amalembedwa m'kaundula, amatuluka ndi chikalata chosainidwa, ndipo sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Wina amayenera kupita ndi khadi kukatenga. Ulendo wina mwanayo adafika pamalo pamene ankatengera n'kupeza atha, ndipo mayiwo adakhala masiku atatu ndi paracetamol yekha. Masiku amenewo adokotala ankaimba, koma mawu okha sadatsitse chala ngakhale chimodzi. Atachoka pamenepo adapangana kuti mwanayo aziyamba wafunsa pa lamya ngati mankhwala alipo, ndipo azinyamuka kudakali a masiku angapo m'nyumba.

Chisamaliro chotere sichidayambe dzulo. Mu 1967 Cicely Saunders adatsegula nyumba ya St Christopher's ku London, naphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akutsirizika uli m'thupi, mumtima, m'banja ndi mumzimu momwe. Mu 1993 Anne Merriman adayambitsa Hospice Africa Uganda, nafalitsa mofini wamadzi wotsika mtengo woti wodwala azimwera kunyumba, ndipo mu 2004 dziko la Uganda lidalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mankhwalawa. Mu 2014 maiko a m'bungwe la WHO adagwirizana kuti chisamalirochi chikhale mbali ya ntchito za umoyo m'dziko lililonse. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kuli Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima. Za lamya nazo zili ndi mbiri yake. Chipatala Cha Pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, kenaka chidafalikira dziko lonse la Malawi m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Kuno ku Mozambique Alô Vida idayamba ndi mafunso a Edzi ndipo mu 2020 idayankhanso za Covid-19, pamene Telessaúde idakhazikitsidwa mu 2018 kuti wachipatala wa kutali azitha kufunsa nzeru kwa madokotala aakulu. Mliri wa 2020 udakakamiza zipatala zambiri pa dziko lapansi kuona odwala pa lamya ndi pa kanema, ndipo zimene anthu adaona kumeneko sizikusiyana ndi za ku Ngauma: odwala adakondwa kupumula maulendo, madokotala adasowa kugwira wodwala, ndipo zinthu zinkayenda bwino pakati pa anthu amene adaonanapo kale.

Mwezi wa Ramadan utayamba kumapeto kwa Malichi 2023, mayiwo adafuna kusala monga ankachitira chaka chilichonse, zimene zikadatanthauza kusamwa mankhwala usana wonse. Adokotala atauzidwa sadakangane nawo. Adati nkhaniyi ayankhe ndi ashehe, ndipo ashehe atabwera adawatsimikizira kuti wodwala saumirizidwa kusala. Mayiwo adapitiriza kumwa mankhwala ndi mtima wokhazikika.

Chapakati pa Epulo adaleka kudya. Mbandakucha wina mwanayo adaimba akunjenjemera, nati kapumidwe kasintha, akumapuma n'kuima, pakhosi pakumveka phokoso, ndipo mapazi azizira. Amalume ankafunsa ngati kuchipatala sangakawaike madzi a m'botolo. Adokotala adafunsa mafunso angapo, kenaka adati, "Achemwali, nthawi yayandikira. Musawakakamize phala, angatsamwe. Muwagoneke chammbali, muziwanyowetsa milomo ndi kansalu koyera, ndipo muziwalankhula, chifukwa makutu amamva mpaka kumapeto. Itanani abale." Mwana wa ku Johannesburg uja adamuimbira, lamya adaiika pakhutu pa mayi ake, ndipo adatsanzikana nawo. Adamwalira masana a tsiku lomwelo m'nyumba mwawo, mchimwene wawo atawagwira dzanja. Mwambo wa maliro utatha, mwanayo adabweza kuchipatala mofini amene adatsala, monga adalangizidwira, ndipo adokotala adaimba kupepesa maliro.

Inu amene muli ndi wodwala wotere pakhomo, pali zinthu zingapo zoti mutolepo. Musachoke kuchipatala musadafunse kuti usiku zikavuta muimbire yani, ndi kuti ndi zizindikiro ziti zofunika kunyamuka nazo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Sankhani munthu mmodzi wodekha woti azilankhula ndi achipatala, mumugulire kope ndi cholembera, ndipo mudzimupumuza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lamya izikhala ndi moto ndi mayunitsi dzuwa lisadalowe. Musasinthe muyeso wa mankhwala panokha, musagawireko wodwala wina, ndipo muwabise kutali ndi ana. Wodwala mwini wake apatsidwe mpata wolankhula payekha popanda khamu. Nambala ya dokotala ilemekezedwe, isasanduke ya mudzi wonse. Ndipo amayi asadikire kuti zifike pamenepa: khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka msanga imachizika, kuyezetsa kumachitika m'zipatala zambiri za boma, ndipo katemera wa HPV wa atsikana adayamba ku Malawi mu 2019 ndi ku Mozambique mu 2021.

Mwana uja adabwerera ku matimati ake pamsika wa Mandimba. Chaka chathachi bambo wina wa m'mudzi woyandikana nawo atabwezedwa kuchipatala ndi matenda a chiwindi, akubanja adatuma mnyamata kukamuitana. Adapita Loweruka, nawaonetsa kayezedwe ka ululu ndi zala, katembenuzidwe ka wodwala, ndi kalembedwe ka m'kope. Atamupempha nambala ya adokotala aja adakana, nawauza kuti ayambe apita nawo bamboyo akaonedwe ndi maso, nambala akapatsidwa komweko.